Kachidutswa Kalikonse Kamamera

Renske analowa m'sitolo ya mbewu ndi maluwa ku Deventer atanyamula duwa loyera m'kabotolo ka jamu. Kunja kunkawaza mvula ya mu Juni, ndipo tsitsi lake linali litanyowa ndi ulendo wa panjinga.

"Pepani achimwene, duwa ili dzina lake ndi chiyani? Langomera lokha kuseri kwa nyumba."

Mnyamata amene ankasanja miphika anatembenuka. Pachifuwa pa malaya ake obiriwira panalembedwa kuti Wessel. Anayang'ana duwa, kenako mwini duwa, ndipo kunena zoona maso ake anachedwa pa mwini duwayo.

"Ameneyu ndi winde, chemwali. Kukongola ndiye ndi wokongola, koma ndi chigawenga. Amayanga pa chilichonse chimene wapeza."

"Ndiye wayamba kukwera rozi wa amayi anga."

"Kawauzeni amayiwo asadandaule."

"Anamwalira mu Januwale."

Wessel anaika mphika pansi. Makutu ake anafiira psuu.

"Pepani kwambiri. Pakamwa pangapa pamathamanga kuposa mutu."

Rozi ameneyo amayi a Renske anamubzala chaka chimene Renske anabadwa. Nyumba anamusiyira, mipando anamusiyira, koma zonsezo zinali zinthu chabe. Chamoyo chimene manja a amayi ake anachisamala chinatsala chimodzi chokha, rozi wofiira wa pafupi ndi mpanda. Tsoka lake, Renske anali mphunzitsi wa ana aang'ono, ndipo za m'munda sankadziwa ngakhale kogwirira khasu.

"Nditha kubwera Loweruka kudzaona," anatero Wessel.

Renske anatulutsa kabuku kake ka masiku, n'kukatsegula. Kanali kodzaza thoo.

"Ndili ndi mpata wa ola limodzi, kuyambira teni koloko."

"Ola limodzi lokha?"

"Nanga kuzula udzu kumafuna tsiku lonse?"

Loweruka Wessel anafika ndi chimakina chotembenuzira dothi. Anachiliza, n'kuyamba kugaya nthaka yonse kuzungulira rozi. Mizu yoyera ya winde, yonga zingwe za nsapato, inadukaduka n'kumwazika paliponse.

Pamwamba pa mpanda wa matabwa panatulukira mutu wa imvi. Anali bambo Brinkhuis, a nyumba yoyandikana nayo, munthu amene ankameta kapinga wake ngati akumeta mkwati.

"Iwe mnyamata! Chimakina chimenecho pa winde? Mutu wako ukuyenda bwino?"

"Ndi njira yatsopano, bambo," anayankha Wessel osawayang'ana.

Bambo Brinkhuis anapukusa mutu, n'kuzimiririka kuseri kwa mpanda wawo.

Ola limodzi lija linasanduka maola atatu. Anamwa khofi kukhitchini. Renske anamupatsa bisiketi imodzi monga mwa mwambo wa kumeneko, koma asanatseke chitini Wessel anali ataba yachiwiri. Renske anaseka, ndipo kanali koyamba kuseka m'nyumba imeneyo chichokereni maliro.

Madzulo ake foni inalira.

"Ndafika bwino, duwa langa. Koma mtima ndauiwala pampando wa kukhitchini kwako. Chonde usaukhalire."

Renske anawerenga uthengawo kanayi. Duwa langa? Atangokumana kawiri kokha? Anafuna kukwiya, koma masaya ankamuwawa ndi kumwetulira.

Patatha milungu itatu anatsegula chitseko cha kuseri, n'kuima kakasi. Pamene panali winde mmodzi panali timitu tobiriwira tosawerengeka, tonse titaloza kumwamba.

"Wessel, bwera udzaone! Wabereka ana!"

"Usaope, wapamtima. Amatero akamafa. Ndikubwera Loweruka."

Anabweradi, Loweruka limenelo ndi lotsatira lake ndi linzakenso. Ankakumba ndi fosholo, kuduladula mizu, n'kuikwiriranso.

"Bwanji osaitaya m'bini?" anafunsa Renske tsiku lina.

"Ivundire momwemo, isanduke manyowa a rozi."

Akamaliza ankakwera njinga limodzi kutsata mtsinje, mapewa akugundana. Wessel anali ndi lilime la uchi, ndipo Renske anali ndi njala ya mawu okoma. Tsiku lina ali pa mlatho mnyamatayo anamugwira manja onse awiri.

"Ndimvere, Renske wanga. Malinga ndili moyo, rozi wa amayi ako sadzafa. Chaka chamawa ndidzathyola duwa lake loyamba, ndidzakuveke m'tsitsi. Ndalonjeza."

Renske analira, n'kubisa nkhope pachifuwa chake.

Komabe china chake sichinkamveka. Chikondi chinkakula, winde nayenso ankakula. Anakwera mpanda, anakulunga chingwe choyanikira zovala, analowa ngakhale m'masipoko a njinga yakale ya amayi ake. M'mawa uliwonse timaluwa toyera tonga malipenga tinkatseguka mbee munda wonse, tokongola mochititsa mantha. Renske ankamasula nthambi zake pa rozi asanapite ku sukulu, pobwera n'kupeza zina zitakulunga kale. Kodi iye ndiye ankalakwitsa? Kodi ankathirira kwambiri? Kapena nthaka ya amayi ake inkamukana?

Bambo Brinkhuis anamudikirira pa mpanda.

"Renske, chilombo chako chalowa mu nyemba zanga. Mnzako uja akudziwa chimene akuchita?"

"Anaphunzira za zomera zaka zinayi, bambo."

"Ndiye kapena ankagona m'kalasi. Amayi ako akanakhalapo sakanalola fosholo pamenepo."

Mawu amenewo anamulasa. Mtima unamupsa.

"Amayi anga musawatchule! Inu mumangodana ndi aliyense wosakwana zaka makumi asanu ndi awiri!"

Nkhalamba ija inabwerera ku nyemba zake. Kuyambira tsiku limenelo moni wa pampanda unatha.

Mu Ogasiti dzuwa linawamba, ndipo masamba a rozi anayamba chikasu, kenako kuyoyoka. Wessel nayenso anasintha. Fosholo anaisiya. Ankabwera Lachitatu lomwe, n'kugwada pansi, kumatola mizu umodziumodzi ndi zala, kuiponya m'thumba. Nthabwala zinachepa.

"Nanga si unkati ivundire momwemo?" anafunsa Renske.

"Nyengo yasintha."

"Wessel, chavuta n'chiyani? Watopa nane?"

"Ine kutopa nawe? Ndingayambe ndatopa ndi kupuma."

Anamupsompsona pachipumi, koma maso ake anali pa rozi. Renske anasokonezeka kwambiri. Munthu angakukonde chonchi, n'kumalephera kukuyang'ana m'maso? Kapena kunali mtsikana wina? Anayesa kuganiza zonse, koma mutu unkangozungulira.

Lachisanu lina mu Seputembala ana anaweruka msanga. Renske anagula nsomba yokazinga pamsika, n'kupalasa njinga kupita ku sitolo kuti akamudzidzimutse. Anamupeza kuseri kwa mashelefu a mbewu akulankhula ndi mayi wina wachikulire. Anaima kuti amalize.

"Ayi mayi, musayerekeze!" ankatero Wessel. "Winde sadulidwa mizu. Makina kapena fosholo, osayandikiza n'komwe. Kachidutswa kalikonse kamamera, ngakhale kochepa ngati chikhadabo. Mukadula muzu umodzi pakhumi, mwabzala winde khumi. Zimenezi ku sukulu amatiphunzitsa sabata yoyamba yeniyeni."

Pepala lokulunga nsomba ija linamupulumuka Renske, n'kugwa pansi.

Wessel anatembenuka. Nkhope yake inayera ngati duwa lija.

Renske anatuluka mothamanga. Mnyamatayo anamupeza poimika njinga, akulimbana ndi loko wa njingayo.

"Renske, dikira!"

"Sabata yoyamba yeniyeni? Unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ndiye unandibzalira dala? M'munda wa amayi anga?"

"Unandipatsa ola limodzi, Renske. Ola limodzi! Kabuku kako kanali kodzaza. Ndikanazula bwinobwino tsiku lomwelo, ukanati zikomo, n'kutseka chitseko. Ndinkangofuna chifukwa chobwereranso. Ndinkati milungu iwiri, itatu, kenako ndikonza."

"Ukanangopempha khofi! Anthu amapempha khofi, Wessel!"

"Ndinkaopa kuti ukana."

"Nanga rozi?"

Wessel anagwetsa nkhope.

"Makina aja anadulanso mizu yake. Ndinazindikira mochedwa. Ndayesetsa, ndikulumbira, mwezi wonsewu ndayesetsa."

"Ndinatukwana nkhalamba yosalakwa chifukwa cha iwe. Ndinkadziimba mlandu ndekha, kumati manja angawa ndi oipa. Iwe uli pomwepo, kumandipukuta misozi!"

"Koma ndimakukonda. Chimenecho chokha si bodza."

"Ndidziwa bwanji? Pamlatho paja unkalankhulanso ndi nkhope yomweyi."

Loko anatseguka. Renske anakwera njinga osacheuka.

Atafika kunyumba anapita molunjika pa mpanda, n'kugogoda pa thabwa.

"Bambo Brinkhuis, ndinakulakwirani. Munkanena zoona."

Nkhalamba ija inamuyang'ana kanthawi, kenako inazungulira n'kulowa pa kachipata ka kuseri itanyamula foloko yokumbira. Sinanene kuti ndinakuuza. Inawerama pa rozi, n'kukanda khungwa ndi chikhadabo, pamwamba, pakati, mpaka patsinde penipeni.

"Akakhala moyo, mkatimu mumakhala mobiriwira," inatero motsitsa mawu.

Renske anayang'ana. Monse munali mouma gwaa.

"Wapita, mwana wanga. Pepa."

Renske anakhala pansi padothi pomwepo. Analira kuposa mmene analirira ku manda, chifukwa ku manda kuja ankadziwa kuti kunyumba kwatsala rozi.

Bambo Brinkhuis anadikira mpaka atatonthola, kenako anamupatsa foloko ija.

"Chilombochi chimatha, koma chimafuna zaka. Ufewetse dothi, ugwire muzu, uutsate pang'onopang'ono mpaka kothera. Osakoka mwaukali. Ukaduka, kotsalako kamera."

Atachoka, Renske anagwada n'kuyamba. Anapeza muzu umodzi wautali, nautsata ndi zala pansi pa rozi wouma uja. Foni inanjenjemera m'thumba. Anati sayiona. Inanjenjemeranso, ndipo anaitulutsa ndi manja amatope.

"Sindikupempha kuti undikhululukire. Ndilole ndizibwera kudzazula, ngakhale usandilankhule, ngakhale zitenge zaka zisanu. Ndinakunamiza za mizu. Za mtima sindinakunamizepo, duwa langa."

Anawerenga kamodzi. Anawerenganso. Ankadana naye, zimenezo ankazidziwa bwino. Nanga n'chifukwa chiyani mtima unadumpha ataona dzina lake? Munthu amene anapha rozi wa amayi ake ndi yemweyo amene anamubwezera kuseka m'nyumba ya maliro. Amuike mbali iti? Chala chake chinaima pa batani lofufutira nambala, chinaima, chinaimabe.

Anaika foni chafufumimba pa udzu osafufuta kanthu.

"Ndikuchotsa yense," anauza muzu uja, mano ali gwa. "Yense, wamva?"

Anaugwira ndi manja awiri. Anakumbukira mawu a bambo Brinkhuis, koma mkwiyo unali utafika kale m'mikono. Anakoka.

Thapu!

M'manja mwake munatsala chingwe choyera chothera panjira. Renske anayang'ana m'dzenjemo. Pansi penipeni, pamene zala zake sizikanafika, kachidutswa kanali phee m'dothi lonyowa.