Fungo Litatha

Sayirini ya ku fakitale ya gasi inayamba kulira Loweruka masana, Akmaral atanyamula mbale ya mandasi otentha. Inakwera, n'kutsika, n'kukweranso. Mtsikanayo anangoti chilili pakati pa bwalo. Ankadziwa kuti sayiriniyo ili ndi kaliridwe kawiri, kena kongoyeserera, kena ka ngozi yeniyeni. Koma kuti aka kanali kati, mutu wake unalibe yankho.

Vuto linali litayamba Lachitatu. Tsikulo kusukulu kunabwera Mayi Raushan a ku fakitaleko, atavala ovolosi yofiira, kudzaphunzitsa ana zoyenera kuchita gasi akatuluka m'mapaipi. Akmaral, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi amene ankadziona ngati wodziwa kale zonse, anakhala kumbuyo n'kumajambula mphuno ya mlendoyo pachikuto cha kope. Mawu ankalowera khutu lino n'kutulukira linalo. Atatu okha ndi amene anatsakamira m'mutu mwake: mphepo, fungo, pansi. Kapepala ka malangizo kamene aliyense analandira, iye anakapinda n'kukhala ndege, ndipo madzulo anapatsa mlongo wake Daryn, wa zaka zisanu, kuti aleke kumuvutitsa.

Tsopano pakhomo panalibe bambo, anali pantchito ku fakitale komweko. Mayi anali atapita ku ukwati m'tauni. Wamkulu amene analipo anali azakhali ake, a Gulsim, amene ankakazinga mandasi mumphika waukulu pamoto wa panja. Iwo sanatembenuke n'komwe. Anati sayirini imeneyo imalira ngati mwana wa njala, mwezi watha inaliranso, nanga anafa ndani?

Asanatseke pakamwa, fungo linafika. Linali la mazira owola, lolemera, lokakamira kukhosi. Azakhali anatsokomola n'kuika chipande pansi.

"Tenga mwana ukamuike m'nkhuti, fulumira," anatero.

M'mudzimo munalibe amene akanatsutsa mawu amenewa. Kumwamba kukafiira ndi chimphepo cha fumbi chochokera m'chipululu, ana ankatsitsidwira m'nkhuti, chipinda chokumba pansi kuseri kwa nyumba, mosungira mbatatesi ndi mabotolo a ndiwo. Makolo awo ankatero, ndipo palibe anatayapo mwana. Akmaral anakumbukiranso liwu lija lakuti pansi, mtima wake n'kukhazikika pang'ono. Ndiye kuti mayi a ovolosi aja ananenadi zomwezi.

Anamukoka dzanja Daryn, amene anali atagwira ndege yake ya pepala. Mwanayo anakana, nati muli mdima ndiponso mumanunkha. Akmaral anamutsitsa pamakwerero mokakamiza.

"Ukatuluka ndisanakuitane, ndikukuntha, wamva?"

Chitseko cha nkhutiyo anachisiya chotsekula pang'ono kuti muzilowa kuwala, akudzitama mumtima kuti ndi mlongo wachifundo.

Kenako anathamangira kumpanda kukaona za mumsewu. Kumeneko ndi kumene mutu unamuima kwenikweni. Anthu ankathamanga mbali zonse. Wina ankati aliyense apite kusukulu, wina ankati tsekani mazenera mukhale m'nyumba, winanso ankati thawirani kumsewu waukulu. A Serikbai, nkhalamba ya pakhomo loyandikana nalo, ankalimbana ndi ngamila zawo ziwiri zimene zinkakana kutuluka m'khola, n'kumazitukwana ngati zikumva. Galimoto ya chimkuzamawu inadutsa chapatali, koma mphepo inauluza mawu ake onse. Akmaral anaimbira foni bambo ake katatu, osayankhidwa. Anachita mantha, ndipo anadzida chifukwa cha mphuno ija anajambula.

Mwadzidzidzi fungo linatha. Linangozimiririka ngati munthu watseka chitseko.

Azakhali ananunkhiza uku ndi uku, n'kuseka. "Waona? Zadutsa. Anthu a kuno mantha. Bweretsa mbale, mandasi anga akupserera."

Akmaral anapuma mpweya wa chisangalalo, koma mpweyawo unamukanda pakhosi. Maso ankamuyabwa ngati mwalowa utsi. Ngati zatha, nanga sayirini ikulirabe chifukwa chiyani? Mayi a ovolosi aja ananenapo kanthu za fungo, ndithu ananena, mpaka anagogoda patebulo. Kodi anati likatha mubwerere, kapena anati chiyani? Anafinya ubongo wake, koma munkangotuluka mphuno yojambula ija.

Akubwera nayo mbale ija, maso ake anagwera m'ngalande ya m'mbali mwa mpanda, mmene nkhuku zinkakonda kusamba fumbi. Nkhuku zinayi zinali zitagona chammbali, miyendo itawongoka. Imodzi inkatsekulabe mlomo. Koma tambala, amene anali pamwamba pa denga la khola, anali ali bwinobwino, akuyang'ana pansi modabwa.

Za m'ngalande zafa, wa padenga ali moyo. Liwu lija silinali lakuti pitani pansi.

Mbale inagwa. Anathamangira kuseri, n'kukankha chitseko cha nkhuti. Anaitana Daryn, osayankha. Anaitananso, ziii. Azakhali anafika wefuwefu, atatulutsa kale machesi m'thumba la epuloni, poti m'nkhutimo munalibe babu ndipo aliyense wolowamo ankayatsa kandulo. Kamtengo kanali katafika kale pabokosi pamene Akmaral anawamenya dzanja, machesi n'kumwazika m'dothi. Chibadwire anali asanakwezepo dzanja kwa munthu wamkulu.

"Iwe, wapenga?"

"Pepani azakhali, moto ayi. Ababa popita kuntchito amasiya machesi pakhomo. Gasi ameneyu amayaka."

Azakhali anamuyang'ana, n'kuyang'ananso machesi aja. Kenako anakwinya diresi kuti atsike okha. Akmaral anawagwira. Za m'kalasi sankazikumbuka, koma ankakumbuka nkhani imene bambo ake anasimba tsiku lina pa tiyi, ya munthu amene anatsikira mnzake m'dzenje, anthu n'kudzatulutsamo mitembo iwiri. Anagona chafufumimba m'mphepete mwa khomo, napempha azakhali kuti amugwire miyendo.

"Daryn. Daryn, ndine."

Kamawu kanachokera mumdima, kofooka. "Munati ndisatuluke."

Mawu amenewa anamulasa mtima. Mwanayo anali atamvera, iye ndiye anali wosamvera.

"Tsopano ndakuitana. Kwera."

"Mutu ukuzungulira, achemwali. Ndikufuna kugona."

"Ukagona kunja. Bwera ndi ndege yako, tikaiulutse pachitunda. Kuli mphepo yabwino, ikafika mpaka kumitambo."

Kenako makwerero anagwedezeka. Phazi limodzi, lachiwiri, kenako chete. Akmaral anabanika mpweya, natambasula mkono mpaka phewa linapweteka, zala zake n'kukola kolala ya malaya. Azakhali anakoka miyendo, iye anakoka mwana, onse atatu n'kugwera chagada m'fumbi. Daryn anasanza, maso ali psuu, koma ndege yake sanaitaye.

Azakhali anathira dothi pamoto wawo popanda wowauza. Kenako anati athamangire kumsewu waukulu kumene anthu ambiri ankalowera. Akmaral anagwira njakata. Latsala liwu limodzi, mphepo. Mphepo itani? Anakweza maso n'kuona chithumba chofiira chija chimene a fakitale anapachika padenga la sukulu kuti chizionetsa kolowera mphepo, chimene ana ankachitcha sokosi ya ahedi. Chinali chitafufuma, mchira wake utaloza kumsewu waukulu. Ndiye kuti mphepo inkachokera ku fakitale n'kumalowera komwe anthu ankathawira. Chakumbali, kopingasa mphepoyo, kunali chitunda cha manda.

Azakhali anakana, nati kumanda sapita chothamanga, ndiponso ndi mwana wamng'ono. Akmaral nayenso sankadziwa ngati akulondola. Anangobereka Daryn n'kuyamba kuthamanga. Patapita kanthawi anamva masilipasi a azakhali akumutsatira.

Ali pakati pa chitundacho, fungo la mazira owola lija linabweranso. Azakhali anaima, nati taona, watibweretsa kumene kuli gasi, kunyumba kunalibe fungo. Akmaral naye anaima, misozi ikutsika. Kumbuyo kopanda fungo kunafa nkhuku, kutsogolo kwa fungo sankakudziwa. Mutu wa Daryn unali lende paphewa pake. Anakumbukira tambala uja padenga, naluma mano, n'kupitiriza kukwera.

Pamwamba, kuseri kwa mpanda wa manda, anapeza anthu ambiri, basi ziwiri ndi ambulansi. Pakati pawo panali Mayi Raushan, atanyamula kamakina kachikasu koyezera mpweya. Anthu a chipatala anamulandira Daryn n'kumuveka chopumira kumaso. Azakhali, akupumira m'mwamba, anayamba kudandaula za fungo. Mayi Raushan anawayankha modekha kuti gasi ameneyu akachuluka amagonetsa mphuno, munthu n'kumayesa kuti zatha, ndipo kulimvanso fungolo panjira kunali chizindikiro chakuti atuluka poipitsitsa. Anawauzanso kuti paipi yatsekedwa, ogwira ntchito onse ali moyo, ndipo basi ina yapita kukatenga amene anathawira kumsewu.

Kenako anatembenukira kwa Akmaral. "Iwe ndinakuona Lachitatu, unakhala kumbuyo. Mwanayu wapuma gasi wambiri kuposa inu. Anali pati?"

Akmaral anaweramitsa mutu. Azakhali ndi amene anayankha motsitsa mawu kuti anali m'nkhuti. Mayi Raushan anatseka maso kwa kanthawi, osakalipa, n'kupita kukathandiza ena. Kwa Akmaral, kukalipiridwa kukanakhala bwino.

Anakhala pansi pafupi ndi machira. Patapita nthawi Daryn anatsekula maso, natukula dzanja lake laling'ono n'kumupatsa ndege ija, yokwinyika ndi yonyowa ndi thukuta, kuti aiulutse monga analonjezera. Akmaral anailandira. Pofuna kuwongola phiko, anaona zilembo zofiira mkati mwake. Anaifunyulula pang'onopang'ono. Mzere woyamba, wa zilembo zazikulu, unali wakuti: Musalowe m'nkhuti kapena pamalo alionse otsika.

Pepalalo linali litakhala m'manja mwa Daryn nthawi yonse imene anali mumdima muja. Akmaral analira mosabisa, anthu akuona. Azakhali anakhala pansi pambali pake, nachotsa mpango wawo n'kumupukuta nawo nkhope.

"Leka kulira, mwana wa achimwene," anatero. "Liwongole bwino. Werenga mokweza kuyambira pamwamba, pang'onopang'ono, nanenso ndimve."