Mphutsi Zodya Mwaulemu

Kakhutu kanayenda pakati pa nthochi ndi timiyendo take tachitsulo, n'kuima pa phata la nthochi ya kholobowa. Kanali kamakina kofanana ndi nkhanu. Kakagunditsa mlomo pa tsinde kankamva mphutsi za nankafumbwe zikutafuna m'katimo, ndiye kankalowetsa singano yamoto, mphutsizo n'kupsera momwemo.

Nangondo, mlimi wa ku Thyolo, sankatopa kukaonerera. Masiku amenewo mikoko ya nthochi inkapita ku Limbe pa tindege todziyendetsa tokha, koma zimenezo analibe nazo ntchito. Chomuzunguza mutu chinali kumva kwa kachitsuloko.

"Iwe, ukumvamo chiyani umo?" ankakafunsa.

"Zitatu, mayi. Zikudya."

Zaka zitapita, yankho linangokhala limodzi: "Mulibe kanthu, mayi."

Tsiku linafika loti mwana wake Elube apite ku chitengwa ku Nkhata Bay. Kubanja kwawo mwana wamkazi sankachoka chimanjamanja, ankatenga mphukira za nthochi za amake. Kale mphukirazo ankayamba azisenda tsinde n'kuziviika m'madzi otentha kuti aphe mphutsi.

"Amayi, sitisenda kodi?" anafunsa Elube.

"Tivutikirenji? Kakhutu kati mulibe kanthu. Ukagawireko apongozi ako ndi anzawo, asamati kwanu n'koumira."

Mvula itayamba kunadutsa kamphepo kosatha kugwetsa ngakhale chipewa, koma nthochi za Nangondo zinagona pansi ngati zaledzera. Anang'amba tsinde limodzi ndi chikwanje. M'kati munali mauna okhaokha, mphutsi zonenepa zili yakaliyakali.

Anaikapo Kakhutu.

"Mulibe kanthu, mayi."

"Iii! Nanga izi ndi ntedza?"

Mantha anali nawo, komabe chidwi chinamugwaditsa pansi. Anayang'anitsitsa. Mphutsizi sizinkatafuna ayi. Zinkafewetsa tsinde ndi malovu n'kumayamwa pang'onopang'ono, osamveka n'komwe. Apa mpamene anazindikira. Kakhutu kanapha zonse zodya mwaphokoso n'kusiya zofatsa, ndipo zofatsazo n'zimene zinaswana munda wonse.

Nangondo anaimbira foni Elube. Nkhope ya mwanayo inaoneka m'mwamba mwa foniyo, ikumwetulira.

"Amayi, mphukira zija zagwira bwino! Mudzi wonse wabzala. Apongozi akuti tsopano andilandiradi ngati mwana wawo."

Nangondo anayang'ana tsinde lija, mphutsi zikudyabe mwakachetechete. Makina aja sanathetse mdani, anangomuphunzitsa ulemu.