Nkhanu M'thumba la Kadziwa

Panali kamtsikana kena. Kunyumba ankamutcha Kadziwa. Dzinali anachita kulifuna yekha. Ukamuuza kanthu, amati, "Ndikudziwa." Ukamuonetsa kanthu, amati, "Ndikudziwa."

Kadziwa anali ndi mlongo wake wamng'ono. Iyeyu ankamutcha Kamchira. Kumene walowera Kadziwa, Kamchira ali pambuyo. Chimene wachita Kadziwa, Kamchira achitanso.

Kadziwa ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna Kamchira aziti, "Achemwali amadziwa zonse."

Tsiku lina amalume anawatenga pabasi. Anapita kutauni ya asodzi, m'mphepete mwa nyanja. Kunali mabwato ambiri. Kunali maukonde oyanika pamchenga. Mphepo yake inali ya fungo la nsomba.

Analowa m'kanyumba kodyera. Anakhala pabenchi. Amayi ophika anabweretsa mbale yaikulu. Munali nkhanu zofiira, zotentha. Asodzi anali atazigwira m'mawa womwewo.

Kadziwa anali asanadyepo nkhanu. Ngakhale kuigwira komwe ayi.

"Achemwali, zimenezi timadya bwanji?" anafunsa Kamchira.

"Yang'anani kuno ndikuonetseni," anatero amalume.

"Ndikudziwa, amalume," anatero Kadziwa. "Kamchira ndimuonetsa ndine."

Nthawi yomweyo msodzi wina anawaitana amalume panja. Anali mnzawo wakalekale. Amalume anawagawira anawo miyendo ya nkhanu m'mbale zawo, n'kutuluka.

Kadziwa anatenga mwendo umodzi. Anauluma. Unali gwa, ngati mwala. Dzino linawawa. Anayesa ndi chikhadabo. Sizinatheke.

Amayi ophika anadutsa pafupi. "Zikutheka, mwanangu?"

"Ndikudziwa, amayi," anatero Kadziwa.

Koma sankadziwa. Anatsitsa dzanja pansi pa tebulo. Analowetsa mwendo uja m'thumba la diresi. Kenako anapukuta pakamwa.

"Mmm, kukoma," anatero.

Anatenga wina. Nawonso m'thumba. Anatenga winanso. Nawonso m'thumba. Kamchira ankangoyang'ana, maso ali tong'o.

Amalume atabwerera, anapeza mbale za ana zili mbee.

"Mwadya ndi zigoba zomwe?" anafunsa amalume. "Koma ana inu muli ndi mano."

Kadziwa anayang'ana kumbali.

"Tiyeni mukaone bwato la mnzanga," anatero amalume. "Zangazi ndidya tikabwerako."

Anatuluka. Mphaka wina anayamba kuwatsata. Kenako wina. Kenako winanso. Amphakawo ankanunkhiza diresi la Kadziwa. Ankanunkhizanso kabudula wa Kamchira. Thumba la Kadziwa linali litanyowa ndi msuzi. Analiphimba ndi dzanja.

Asodzi osoka maukonde anayamba kuseka.

"Kodi amphaka onsewa ndi abale anu?" anafunsa msodzi wina.

Kadziwa anachita manyazi. Anayenda mofulumira. Koma Kamchira sanamutsate. Anakhala pamchenga. Anayamba kulira.

"Watani, mphwanga?" anafunsa amalume.

"Njala ikundiwawa," anatero Kamchira.

"Njala? Si wadya nkhanu iwe?"

Kamchira anapisa m'thumba la kabudula. Anatulutsa miyendo ya nkhanu, yonse yosaswa.

"Ndachita ngati achemwali," anatero akusisima. "Nkhanu timaika m'thumba. Achemwali amadziwa."

Asodzi aja anasiya kuseka. Aliyense anayang'ana Kadziwa.

Manyazi ake anali osasimbika. Anazyolika. Anasowa pobisa nkhope. Kusekedwa kuja kunali kochepa. Chimene chinamupweteka kwambiri ndi ichi: Kamchira ankalira njala chifukwa cha iye.

Pang'onopang'ono, Kadziwa anapisa m'thumba. Nayenso anatulutsa miyendo ija. Misozi inalengeza m'maso.

"Amalume," anatero ndi mawu otsika, "sindikudziwa. Ndinanama. Pepani."

Kenako anagwada pamchenga.

"Pepa, Kamchira. Ndakuonetsa zolakwika."

Amalume sanakalipe. Anamugwira paphewa.

"Safunsa anadya phula, mphwanga," anatero. "Iwe ngakhale phulalo sunadye. Tiyeni, nkhanu zanga zija zikutidikira."

Anabwerera m'kanyumba kaja. Amayi ophika anamwetulira. Anapatsa aliyense supuni yaikulu.

"Chonde ndionetseni, amalume," anatero Kadziwa.

Amalume anaika mwendo wa nkhanu patebulo. Anaumenya ndi kumbuyo kwa supuni. Go, go, go, khwa! Chigoba chinasweka. M'kati munali nyama yoyera, yofewa.

Kadziwa anayesa. Go, go, go. Sizinatheke. Anayesanso. Go, go, go, khwa!

Nyama yoyambayo sanadye. Anafinyirapo ndimu, n'kumupatsa Kamchira. Kamchira anatafuna. Anatsegulanso pakamwa ngati kamwana ka mbalame. Kadziwa anaswa wina, n'kumupatsanso. Kenako analawa yekha. Kunena zoona, inali yokoma.

Miyendo ya m'thumba ija amalume anaswera amphaka pakhomo.

Kamchira ananyambita zala. "Achemwali, tsopano mukudziwa?"

"Pang'ono chabe," anatero Kadziwa.

Anatenga kamwendo kakang'ono. Anakatembenuza uku ndi uku.

"Amalume, nanga aka timakaswa bwanji?"

Kamchira nayenso ananyamula kake.

"Amalume, nanga aka timakaswa bwanji?"