Ulusi Wakuda pa Jezi ya Kaputeni

Telala wina ndiye ankayendetsa ligi ya pafoni pa kalabu ya mpira ya m'dera mwawo. Membala aliyense ankasankha timu yake mwa anyamata a kalabuyo n'kuika mmodzi pa ukaputeni. Kaputeni akagoletsa, mapointi ankawirikiza, ndipo wopambana ankatenga thumba lonse la ndalama zimene mamembala ankasonkha. Telalayo anali kumchira sabata ndi sabata, nsapato zake zili kukamwa yasa. Wabutchala, amene ankapambana kawirikawiri, ankamuseka: "Achimwene, bwererani ku zigamba, mpira si wanu!"

Nsanje itamudya mtima, telalayo anapita kwa sing'anga.

"Majezi a anyamatawo amasoka ndani?" anafunsa sing'angayo.

"Ndine."

"Basi. Ulusi wakuda uwu usokere pa jezi ya kaputeni wako. Adzagoletsa mpaka ukonde kung'ambika."

"Mtengo wake?"

"Ndalama sunga, mwana wanga. Ine ndimalandira miyendo."

Munthu wanzeru akanathawa pomwepo, koma telala anapinda ulusiwo n'kuika m'thumba. Kaputeni woyamba anagoletsa mochititsa mantha, m'mawa mwake analephera kudzuka pamphasa. Wachiwiri chimodzimodzi, wachitatunso. Telala anagula njinga yamoto, makina atsopano ndi suti, ndipo pokazonda odwalawo ankapukusa mutu ngati wachisoni, mfiti yopanda manyazi!

Anyamata anayamba kunong'onezana, nasiya kumupatsa majezi. Mapointi ake anaima, wabutchala n'kumupitirira. Itakwana sabata yotsiriza, ya thumba lalikulu, mng'ono wake wa bere limodzi, wosewera kutsogolo, analowa mushopu jezi ili m'manja.

"Achimwene, anthu akukunenani zoipa, koma ine sindikhulupirira. Tandisokereni pakhwapa apa."

Telala anayang'ana mng'ono wakeyo, anayang'ananso foni. Anamuika pa ukaputeni, n'kulowetsa ulusi wakuda m'singano.

Mnyamatayo anagoletsa bwalo lonse n'kuimirira, koma wezulo yomaliza italira anagwa chagada, miyendo ili lobodo. Mayi awo atamuvula jezi kuchipatala anaona msoko wakudawo, ndipo kasokedwe ka mwana wawo wamkulu ankakadziwa.

"Iwe si mwana wanga," anamuuza telalayo. "Usadzaponde pamaliro anga."

Ndalama za thumbalo telala sanazidye, mutu unazungulira tsiku lomwelo. Lero amakhala kuseri kwa golo, akusoka masanza ndi singano yopanda ulusi, ndipo mng'ono wake amadutsa pa njinga ya olumala osamucheukira.

Dyera ndi loipa, abale. Chuma cha mankhwala chimayamba ndi ana a eni, koma sichikhuta mpaka chitadya wa m'nyumba mwako.