Galimoto Yodziwa Njira

Tsiku limene Dauda analowa ndi galimoto yake ya Landirova pa Nsipe, agalu anasiya kuuwa. Anapinda michira n'kukabisala pansi pa mabenchi a mumsika, ndipo amayi ogulitsa tomato anangoti zii, maso pansi, mpaka injini itazima.

Dauda anali ndi golosale m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo ankafuna galimoto yokatengera mpunga ku Bwanje. Lazarus, makaniko wa pamalopo, anali atamupezera kale pikapu ya mphunzitsi wina wopuma ntchito ku Balaka.

"A Dauda, galimoto yakale mumagula kwa munthu amene mukudziwa khomo lake," anatero Lazarus. "Ya aphunzitsiwa ndaikonza ndekha zaka zisanu. Ikatsokomola ndimadziwa chavuta."

Koma Dauda anali atamva za bwalo lina kuseri kwa Limbe kumene ankagulitsa motchipa. Kumeneko anapeza Landirova ya penti yatsopano, injini yake yolira mosalala. Atafunsa za mwini wake wakale, wogulitsayo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Mwabwera kudzagula galimoto kapena mbiri?"

Zinali zaka zija zimene munthu ukafunsa kawiri unkadziputira tsoka. Dauda anangolandira makiyi.

Atafika nayo kwawo, kutacha anaipeza itasuntha. Anali ataiimika patsinde pa mango, ili m'giya, mwala atauika kutsogolo kwa tayala. Tsopano inali mapazi khumi kuchoka pamtengopo, itayang'ana kanjira kolowera kumidzi. Mwala uja unali pomwe anausiya. Atagwira boneti, anamva kufunda.

Usiku wachiwiri mkazi wake Latifa anamugwedeza phewa.

"Bambo, mukumva?" ananong'ona.

Kunja kunali zii, ngakhale nkhululu sizinkalira. Kenako anamva: go, go, go. Kunali kugogoda kwa chala pa chitsulo, kochokera kumbuyo kwa galimoto, kofooka, ngati kwa munthu amene wagogoda nthawi yaitali ndipo sakuyembekezanso kuyankhidwa. Dauda anatuluka ndi nyali, milomo ikunong'ona pemphero la duwa. Kugogoda kunaleka. Chimene chinamulandira ndi fungo la thukuta la anthu ambiri otsekeredwa malo amodzi. M'mawa galimoto inali itawoloka ngalande.

Pamsika nkhani inafala. Ena ankati Dauda wakhwimira bizinesi. Achikulire sankanena kanthu, koma akafika pafupi ndi golosale ankawoloka msewu. Tsiku lonse limenelo anagulitsa sopo mmodzi.

Anaitana Lazarus. Makanikoyo anayesa mabuleki n'kupeza kuti ali bwinobwino. Kenako anakwera kumbuyo, ndipo anakhalitsa kumeneko. Atatsika, anaitanira Dauda pafupi.

"Chitseko ichi chilibe chotsegulira mkati," anatero motsitsa mawu, akucheuka. "Anachita kudula ndi sowo. Ndiye taonani masipuling'iwa. Mulibe katundu m'menemu, koma yakhala pansi ngati yasenza matumba."

"Ndiye mukuti chiyani, a Lazarus?"

"Kunsi kwa benchi kuli maina. Olemba ndi msomali. Penti sinafikeko." Anacheukanso. "Loyamba ndi la a Bizwell."

Dauda anakhala pansi. Bizwell anali kalaliki wa m'dera lomwelo, amene anthu osadziwika anadzamutenga zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo chiyambire pamenepo palibe ankatchula dzina lake pagulu. Mkazi wake Pauline, mayi a Edna, ankakhalabe kumathero a kanjira kaja.

Madzulo amenewo Lazarus anachotsa batire n'kupita nalo kwawo.

M'bandakucha, Dauda atadzuka kuti aswali, galimoto panalibe. Mizere ya matayala inkaoneka bwino pa mame. Anaitsatira opanda nsapato, kudutsa minda ya chimanga, mpaka anaiona itaima pakhomo pa nyumba ya udzu, kumbuyo kwake kutaloza kuchitseko. Pakhonde panali Pauline, atadzifunda chitenje, koloboyi ili m'manja.

"Mayi, pepani, ine sindikudziwa kuti..."

"Ndinaimva tsiku lomwe munabwera nayo," anatero Pauline. Mawu ake sanali aukali. "Kulira kwa injini imeneyi sindingakuiwale. Inaima pomwe yaimapa. Tsegulani kumbuyoko."

"Mulibe munthu, mayi."

"Tsegulani, bambo."

Dauda anagwira chotsegulira. Chinali chozizira ngati mwala wa mumtsinje. Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono, ndipo kuwala kwa koloboyi kunaonetsa mabenchi awiri opanda kanthu. Kwa kanthawi sipanachitike chilichonse. Kenako masipuling'i analira kwii, ndipo kumbuyo kwa galimoto kunakwera pang'ono, monga zimachitikira munthu akatsika.

Pauline anapatuka pakhomo, kusiya mpata. Lawi la koloboyi linawerama ngati padutsa wina.

"Mwaonda, bambo a Edna," ananong'ona. Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Dzuwa litatuluka, Dauda anakaitana Lazarus, ndipo anaikankha galimotoyo kubwerera ku Nsipe. Atafika pa mango paja, Dauda anafunsa osamuyang'ana mnzakeyo.

"Maina aja munawerenga angati?"

"Asanu ndi anayi."

"Enawo ndi a kuti?"

"Sindikuwadziwa. Si a kuno."

Usiku umenewo kugogoda kunayambiranso, ndipo tsopano kunali kwa zala zambiri. Dauda sanatuluke. Kutacha anaipeza galimoto ili m'mphepete mwa msewu waukulu, itayang'ana ku Dedza.

Anayang'ana kumene inalozako. Kenako anakatenga batire kwa Lazarus, anathira petulo, n'kuuza Latifa kuti amumangire kamba wa masiku angapo.

"Mukupita kuti, bambo?" anafunsa Latifa, misozi ili m'maso.

"Sindikudziwa, mayi. Koma anthuwa akufuna kwawo."

Anakwera n'kuliza injini. Asanaike n'komwe manja pa chiwongolero, chinayamba kutembenuka chokha.