Bulangete la Azakhali

Madzi osefukira atagwetsa nyumba zawo, mabanja ambiri ankagona m'makalasi a pasukulu. Madesiki anawaunjika pakona, ndipo banja lililonse linatchinga malo ake ndi nsalu. M'kalasi ina munkakhala mtsikana amene anzake ankamutcha Wailesi chifukwa cholongolola. Ankakhala ndi azakhali ake, omwe anali telala makina awo asanapite ndi madzi.

Tsiku lina masana azakhaliwo anaona kuti milomo ya Wailesi yachita ming'alu.

"Tamwa madzi iwe."

"Ndilibe ludzu, azakhali."

"Ndi dzuwa limeneli? Usandipusitse, ndinakulera ndine."

Wailesi anaweramitsa mutu, kenaka anaulula. Zimbudzi za atsikana zinali kuseri kwa chipinda chosungiramo katundu wachithandizo, ndipo pakhomo pa chipindacho pankakhala bambo wogawa mabulangete. Dzana lake bamboyo anamugwira mkono, n'kumuuza kuti akafuna bulangete alowe yekha akasankhe. Wailesi anapulumuka n'kuthawa. Kuyambira pamenepo anasiya kumwa madzi kuti asamadutse njira imeneyo.

Azakhali anachita manyazi, pakuti ndi iwo amene ankamutuma kukapempha bulangetelo, poganiza kuti mwana samanidwa kanthu. Koma mantha anaposa manyazi.

"Zimenezi zithere pomwe pano," anatero monong'ona. "Munthu ameneyu ndiye wagwira mpeni kumpini. Tikamuyamba, tigona pasimenti mpaka mvula ithe. Ukafuna kupita kumeneko uzindiuza, ndizikuperekeza."

Mawu amenewa anamupweteka Wailesi kwambiri kuposa za bambo uja.

M'mawa mwake azakhali ankachapa pampopi. Pambali pawo mayi wina ankakalipira mwana wake wamkazi, kamtsikana ka sitandade faifi, kamene kankakana kapu ya madzi. Kanali katatseka pakamwa, maso ali kuchipinda chija. Azakhali anasiya zovala m'beseni, thovu lili m'manja, n'kupita kukaitana Wailesi.

Pabwalo la mpira panali tenti ya amayi ndi atsikana, imene azakhali ankaidutsa masiku onse poganiza kuti ndi ya anthu opanda chochita. Atapita kumeneko ndi Wailesi, mayi wothandiza anthu mmenemo anawapatsa mpando, anatseka chitseko cha tentiyo, ndipo anamvetsera osadula mawu.

"Sunalakwe chilichonse, mwanangu," anatero. "Chithandizo chimenechi n'chaulere, palibe amene ayenera kukupempha kanthu. Ukulola kuti ndikanene kwa akuluakulu? Dzina lako silituluka muno."

Wailesi anayang'ana azakhali ake. Iwo anamugwira dzanja, ndipo Wailesi anavomera.

Sabata isanathe, bambo uja anachotsedwa ndipo nkhani yake inapita kupolisi. Zimbudzi za atsikana anazisamutsira kufupi ndi makalasi. Koma kugawa mabulangete kunayamba kwaima kaye, podikira kusankha amayi ndi abambo oti azigawira poyera. Anthu anadandaula, pakuti mphepo inali itayamba.

"Amene anakanenayo watizunzitsa tonse," anatero mayi wina pampopi, akukamula chitenje. "Ena pakamwa sipatsekeka."

Wailesi anali pomwepo ndi ndowa yake. Azakhali anaweramuka n'kupukuta manja.

"Musavutike kumufunafuna, mayi, ndine," anatero modekha. "Inenso ndikugona pasimenti ngati inu. Koma bulangete logula ndi mwana, ine sindingafunde."