Ankati Ndi Mkonono Chabe

Ethel anakumana ndi Herbert pa Zalewa, akudikira galimoto yokwera ku Neno komwe ankaphunzitsa pasukulu ya pulayimale. Herbert ankayendetsa lole ya bwana wina yonyamula mbatata ya kachewere, ndipo anamukweza kutsogolo. Pofika paboma anali atapatsana manambala a foni.

Mameseji a Herbert anali otsekemera. "Duwa langa, ukandikana ndikadziponya mu Shire." Ethel ankamwetulira yekha m'kalasi mpaka ana kudabwa. Chaka chisanathe, ankhoswe anakumana n'kuika tsiku la chinkhoswe.

Loweruka lina masana, Herbert anagona pampando kunyumba kwa Ethel. Mkonono wake unkamveka mpaka kumsewu. Kenako unangoti zii. Chifuwa chinaima, kukamwa kuli yasa. Ethel anamugwedeza mwamantha, ndipo Herbert anadzidzimuka akubanika ngati munthu wovuulidwa m'madzi.

Herbert anangoseka. Anati bambo ake ankaliza mkonono woposa pamenepo koma anakalamba bwinobwino. Nanga kuchipatala akanene chiyani pamaso pa manesi achitsikana? Kuti wadwala tulo?

Koma Ethel anayamba kuona zambiri. Herbert ankadzuka mutu ukuwawa tsiku lililonse, ankasinza m'tchalitchi, ankasinza ngakhale nkhani ili pakati. Ethel anamuuza mosabisa kuti akapanda kuonana ndi dokotala, chinkhoswe chiiwalike.

"Ndikulonjeza, wapamtima wanga. Lolemba ndipita ku Blantyre."

Lolembalo meseji inabwera. "Adokotala ati ndi kutopa chabe. Konzeka kukhala mkazi wanga." Ethel anagwada n'kuthokoza Mulungu.

Kutatsala sabata ziwiri kuti chinkhoswe chichitike, Herbert ananyamula Atikonda, mng'ono wake wa Ethel, kuti akagule nsalu m'tauni. Dzuwa likuswa mtengo, pa mtsetse wina, Herbert anasinza pachiwongolero. Lole inagwera kuphedi. Atikonda anathyoka mwendo pawiri, koma Herbert anangosupuka pamphumi.

Kuchipatala, adokotala anafuna buku la zaumoyo la dalaivala. Ethel, yemwe anathamangirako atamva za ngoziyo, analipeza m'chikwama cha Herbert n'kulitsegula. Tsamba lomaliza linali la malungo a zaka ziwiri zapitazo. Pambuyo pake panalibe chilichonse. 

Ethel anamupeza Herbert atakhala pabenchi kunja kwa wodi.

"A Herbert, ku Blantyre kuja munaonana ndi dokotala uti?"

Chiyambireni chibwenzi, Ethel anali asanamuitanepo choncho. Herbert anazyolika. Anavomera kuti anafikadi pageti la chipatala, n'kukhala pamenepo mpaka masana, kenako n'kubwerera. Ankaopa kuti dokotala akalemba za matendawo, bwana wake amulanda makiyi, ndipo dalaivala wosinza palibe angamulembenso ntchito. Anaululanso kuti aka sikanali koyamba. Mwezi watha anaphonya msewu kawiri, osauza munthu.

Kawiri! Ndiye n'kunyamulanso mwana wa mayi ake?  Ethel anakumbukira mmene anagwadira kuthokoza Mulungu chifukwa cha bodza.

"Ndinkaopa kukutaya, Ethel. Ndani angafune mwamuna wodwala?"

"Ine ndikanamufuna. Wodwala ndikanamuperekeza ndekha, n'kukhala naye pamzere tsiku lonse. Koma wabodza ayi."

Herbert anafuna kumugwira dzanja akumutchula mayina onse okoma aja. Ethel anakaniza, n'kumuika bukulo pamiyendo. Anamuuza kuti adokotala ali m'chipinda chachiwiri, alowe akanene zonse asanaphe munthu, koma asachite zimenezo poganiza kuti iye abwerera. Zoti chinkhoswe chatha, amalume ake a Herbert akamva madzulo omwewo.

Anabwerera m'wodi maso ali psuu. Atikonda anali atatsitsimuka, mwendo uli m'chikhakha, nkhope itatupa. Anayang'ana mkulu wake n'kufunsa motsitsa mawu ngati alamu ake avulala kwambiri.

Ethel anamukonzera pilo, n'kumupukuta thukuta pamphumi.

"Gona, mng'ono wanga. Ulibe mlamu."